Laputopu ya mlembi wa banki m'khonde: lipoti la mmene sisitimu yosasinthika yayendera pa khomo lina ku Mpondasi

Ndimakonza makompyuta ndi mafoni pa boma la Mangochi. Lipoti ili ndi la laputopu imodzi yokha, ya mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo amakhala cha ku Mpondasi. Ndalilemba chifukwa anzanga a ntchito yomweyi akhala akundifunsa ngati masisitimu amene pa Chingerezi amati immutable, omwe ine ndimati osasinthika, angawayenere anthu wamba a pakhomo, aja ongofuna kuti kompyuta iyake, alembe kalata yawo, azimitse. Dzina la mayiwa sinditchula. Ndizingoti Aphunzitsi, monga timawaitanira tonse.

Mmene inabwerera kwa ine

Inafika pa kabaza itakulungidwa m'chitenje, ndipo kanali kachitatu m'chaka chimodzi. Ndi laputopu yoti inagwirapo kale ntchito kunja: Core i5 ya m'badwo wa 6, RAM ya 8 GB, SSD ya 256 GB. Batire lake linafa kalekale, moti ukangozula chaja imathima pompo. Aphunzitsi ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lawo. Amalembapo maminitsi, ndandanda wa masheya ndi ngongole, komanso makalata a kumpingo. Madzulo imakhala m'manja mwa adzukulu atatu, amene amaonerapo mafilimu a pa flash yomwe amakaikitsa kumsika.

Matenda ake anali omwewo nthawi zonse. Ulendo woyamba inali vairasi ija yosandutsa mafoda a pa flash kukhala ma shortcut. Ulendo wachiwiri magetsi anathima kompyuta ili mkati moika apudeti, ndipo popeza batire palibe, inakana kuyakanso. Ulendo wachitatu ndinapeza timapulogalamu tambirimbiri timene ana anakoka pa intaneti, tina tonamizira kuti timathamangitsa kompyuta. Mankhwala anga anali amodzi, kufomata. Ndipo kufomata kulikonse kunali ndalama yotuluka m'thumba la munthu wodalira penshoni.

Panali chinanso. Microsoft inali italengeza kale kuti Windows 10 isiya kulandira maapudeti aulere a chitetezo pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo kwa Intel mndandanda wovomerezeka umayambira kwenikweni pa m'badwo wa 8. Laputopu ya Aphunzitsi inali kunja kwa mpanda. Ndinawauza zimenezi mosabisa. Anandiyang'ana nati, "Mwanangu, ine ndalama yogulira ina ndilibe. Chitani chimene mukuona, bola mabuku a amayi anzanga asasowe."

Mawu omalizawo ndinawamva, koma sindinawapatse kulemera kwake. Ndibwererako.

Chimene ndinaikamo

M'malo mwa Windows ndinaika sisitimu ya Linux yotchedwa Fedora Silverblue, ya Fedora 42 imene inatuluka mu Epulo 2025. Kwa amene simunaigwirepo, kusiyana kwake ndi Linux wamba kuli motere. Mbali imene muli mafayilo a sisitimu, foda ya /usr, ndi yokhoma: kompyuta ikamayenda imangowerengamo, silembamo. Mwini kompyuta, mwana, ngakhale pulogalamu yoipa, sangangolowamo n'kufufuta kapena kusintha kanthu. Malo olembeka ndi /etc, momwe muli masetingi, ndi /var, momwe mulinso mafayilo a anthu. Mapulogalamu a tsiku ndi tsiku amabwera kudzera mu njira yoikira mapulogalamu yotchedwa Flatpak, aliyense ndi katundu wake, osasakanikirana ndi sisitimu.

Apudeti ndiye pagona nkhani. Pa masisitimu amene tinazolowera, apudeti imasintha mafayilo limodzilimodzi kompyuta ili kuyenda, ndiye ikadukizidwa pakati mumatsala ndi theka latsopano, theka lakale. Pa Silverblue chida chotchedwa rpm-ostree chimamanga sisitimu yatsopano yonse pambali, ndipo imayamba ntchito pokhapokha kompyuta ikayatsidwanso. Yakale ija imasungidwa. Aphunzitsi ndinawafotokozera ndi za kunyanja kuno: msodzi sasema bwato ali pakati pa madzi. Latsopano limasemedwa kumtunda iye akupitiriza kupalasa lakale, ndipo ngakhale latsopano litalowa m'madzi, lakale limakhala pagombe kudikira, mwina latsopanolo n'kupezeka likuchucha. Anagwedeza mutu nati zamveka.

Nzeru imeneyi si yachilendo monga anthu amaganizira. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu nayo sisitimu yake ndi yokhoma, ndipo kuyambira pa Android 7.0 mu 2016 mafoni ambiri amaika apudeti pa gawo lachiwiri lapambali. Ma Chromebook amayenda choncho. Apple inakhoma gawo la sisitimu pa macOS Catalina mu 2019. Steam Deck ya 2022 nayo ndi yotero. Anthu osadziwa za makompyuta akhala akugwiritsa ntchito masisitimu otere kwa zaka osazindikira. Funso langa linali lakuti kodi pa laputopu yakale, pa khomo la ku Mangochi, pamene magetsi ndi intaneti zili mmene zililimu, ubwino umenewu ufika?

Ndinaganizirako zina ziwiri. ChromeOS Flex, imene Google inatulutsa mu 2022 kuti iziikidwa pa makompyuta akale, imadalira akaunti ya Google ndipo imakoma pamene intaneti ilipo nthawi zonse. Kwa Aphunzitsi intaneti ndi ya bandulo, imabwera ndi kutha. Endless OS inandikopa kwambiri, chifukwa inapangidwira malo amene intaneti ndi yosowa ndipo mtundu wake waukulu umabwera ndi zowerenga zambiri zosafuna netiweki. Ndinaisiya chifukwa silola kuwonjezera mapakeji mkati mwa sisitimu, pamene Silverblue ili ndi khomo lochitira zimenezo zikavuta. Khomo limenelo ndinadzalifunadi.

Tsiku loika

Ntchito inatenga tsiku lathunthu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna anzanga amvetsetse. Silverblue ikangoikidwa imakhala ndi Firefox ndi timapulogalamu tochepa. LibreOffice mulibe. Mavidiyo ambiri a pa WhatsApp ndi mafilimu a kumsika saonetsa bwino mpaka mutaika pulogalamu ngati VLC kuchokera ku Flathub, malo a pa intaneti okokerako mapulogalamu a Flatpak, chifukwa Fedora siika ma codec ena, timapulogalamu totsegulira mavidiyo, kaamba ka malamulo a umwini. Ndipo pulogalamu yoyamba ya Flatpak sibwera yokha, imakoka runtime yake, mafayilo amene imadalira kuti iyende, ya ma MB mazanamazana. Aphunzitsi akanati achite okha zimenezi pa bandulo ya pafoni, ikanatha asanalembe chilembo n'chimodzi chomwe. Zonsezi ndinakokera pa shopu. Panopa ndimasunga mapulogalamuwa pa flash pogwiritsa ntchito flatpak create-usb, kuti kompyuta yotsatira isadzadyenso data yomweyo.

Maonekedwe a Silverblue, otchedwa GNOME, anawadodometsa poyamba. Anafunafuna batani la Start pansi kumanzere, osalipeza. Ndinawaikira zithunzi zinayi zokha pa mzere wapansi: cholembera makalata, cha matebulo a masamu, mafayilo, ndi intaneti. Ndinawaonetsa kuti akadina batani la chizindikiro cha Windows pa kiyibodi zonse zimaonekera. Analemba zimenezi m'kope ndi bolopeni yofiira, monga mphunzitsi achitira. Patapita sabata ziwiri sanafunsenso za Start. Ndikanati ndiyambirenso, mwina ndikanawaikira Kinoite, m'bale wake wa Silverblue wa maonekedwe a KDE amene amafananako ndi Windows, koma limeneli silinali vuto lalikulu.

Zimene zinayenda

Chiyambire tsiku limenelo laputopuyi sindinaifomatenso. Magetsi athima kambirimbiri ili mkati mogwira ntchito, nthawi zina ikukoka apudeti, ndipo nthawi zonse yayakanso bwinobwino. Kwa khomo lopanda batire ndi lopanda sola, ichi chokha n'chachikulu.

Koma ndiyenera kugawa chitamando mwachilungamo. Vairasi ya ma shortcut inasiya kuvuta osati chifukwa sisitimu ndi yosasinthika, koma chifukwa vairasiyo inalembedwera Windows ndipo pa Linux iliyonse siyenda. Mafayilo a .exe amene ana amakoka amangokhala mu Downloads opanda chochita, ndipo zikanakhala chimodzimodzi pa Linux Mint kapena Ubuntu. Chimene kukhoma kwawonjezera ndi ziwiri: apudeti yosasweka pakati, ndi njira yobwerera m'mbuyo. Amene akugulitsa nzeru imeneyi kwa makasitomala asaphatikize zonse m'thumba limodzi.

Bandulo yotha usiku

Vuto loyamba linabwera sabata yoyamba. Aphunzitsi anaimba m'mawa: "Achimwene, bandulo ndagula dzulo lomweli, lero akuti yatha. Kodi mwandiikira chiyani?" Cholakwa chinali changa. Pulogalamu ya GNOME Software imakoka maapudeti yokha mwakachetechete, pokhapokha ikadziwa kuti intanetiyo ndi yowerengera, imene m'masetingi amati metered connection. Ikalumikizidwa ku hotspot ya foni ya Android nthawi zambiri imazindikira yokha. Koma Aphunzitsi amagwiritsa ntchito ka MiFi kamene mwana wawo anawatumizira, ndipo kompyuta inkakaona ngati Wi-Fi wamba wopanda malire. Ndinapita, ndinatsegula setingi imeneyo, ndinathimitsanso zoti izidzikokera yokha, ndipo bandulo ndinawabwezera. Tinagwirizana kuti maapudeti azichitikira pa shopu, akabwera ku boma kudzatenga penshoni kapena kudzagula zinthu.

Apa pali mfundo imene olemba za masisitimu amenewa kumayiko a intaneti yotchipa saiona. Iwo amati ubwino wake ndi wakuti kompyuta imadzisamala yokha, mwini wake osadziwa n'komwe. Kwathu kuno kudzisamala kumeneko kumalipidwa ndi mayunitsi. Ukakuthimitsa, ubwinowo wachepa, ndipo pafunika munthu woti azikumbukira.

Apudeti imene sinkalowa

Chinthu chachiwiri chinandiphunzitsa zimene sindinkadziwa bwino. Ulendo wina, m'malo mwa pa shopu, nditawakokera apudeti kunyumba kwawo, ndinachoka nditawauza kuti ikazima n'kuyakanso zonse zikhala zatsopano. Patapita masabata angapo ndinalemba rpm-ostree status ndi kupeza kuti ikadali pa yakale ija. Chifukwa chake n'chakuti apudeti ikakokedwa imangokhala yokonzedwa, ndipo imamalizidwa pa nthawi imene kompyuta ikuzima mwadongosolo. Ikazima mwadzidzidzi, kukonzekera kuja kumatayika ndipo imayaka pa yakale. Tsiku limenelo magetsi anathima Aphunzitsi asanazimitse. Ndiponso ndinazindikira kuti pa khomopo palibe amene ankazimitsa kompyuta kudzera pa menyu. Ankangotseka chivundikiro n'kuzula chaja, basi yathima.

Kumbali ina uku ndiye kulimba kwake: m'malo mosweka, inangobwerera pa chimene ikudziwa. Koma zikutanthauzanso kuti laputopu yopanda batire ingathe kukhala miyezi osalandira zotseka mabowo a chitetezo, mwini wake akuyesa zonse zili bwino, popeza palibe chimene chikuoneka cholakwika. Tsopano ndikakoka apudeti sindichoka mpaka nditaizimitsa ndekha, kuiyatsa, ndi kuona kuti yalowa.

Printa

Printa sindinaifunse pa tsiku loyamba, ndipo ndinayenera kutero. Ndi ya leza, yakale, ya mtundu uja umene sulankhula ndi kompyuta popanda driver, pulogalamu yoyendetsera printa, ya kampani yake. Maprinta ambiri atsopano amagwira popanda driver kudzera mu njira yotchedwa IPP Everywhere, koma ambiri amene ali m'makomo ndi m'masukulu kuno ndi akale. Driver siingabwere ngati Flatpak. Ndinachita kuilowetsa mkati mwa sisitimu ndi rpm-ostree install, kenako kuyatsanso kompyuta. Inagwira. Koma dziwani kuti pakeji iliyonse yolowetsedwa chonchi imayenera kumangidwanso pa apudeti iliyonse, ndipo ikasemphana ndi sisitimu yatsopano, apudeti yonse imakana. Munthu wamba sangamasule mfundo imeneyo. Sangadziwe n'komwe kuti yamangika.

Printa yomweyi ndiyo inandionetsa phindu la bwato lakale lija. Ndinasintha driver n'kuika ina yatsopanoko, osayesa kusindikiza, ndipo ndinapita ku Namwera kukagwira ntchito ina. Madzulo foni inalira. Mawa lake kunali kugawana masheya, mapepala akufunika, printa ili chete. Ndinapempha kuti andipatse mdzukulu wawo wamkulu, mtsikana wa Fomu 3. Ndinati, "Iwe, zimitsa kompyuta. Ukamayatsa uzidina Esc mpaka uone mizere yolembedwa. Waiona? Tsika pa wachiwiri, udine Enter." Ndinamva printa ikuyamba kukoka pepala ndili pa foni pomwepo. Pa sisitimu ina ikanakhala nkhani yoti ndikwere galimoto usiku kutsika phiri lija. Nditabwerako ndinalemba rpm-ostree rollback kuti ikhazikike pa yakaleyo.

Mabuku a amayi

Chimene chinandipweteka mtima ndi ichi. Tsiku lina Aphunzitsi anabwera okha pa shopu, opanda kuimba, laputopu ili m'chitenje chomwe chija. Foda ya banki m'khonde inali itasowa. Mdzukulu wamng'ono ankafuna malo oika mafilimu, anafufuta mafoda amene sankawadziwa, n'kukhuthulanso Trash. Aphunzitsi anakhala pa benchi nati, "Bwezerani m'mbuyo ngati muja munachitira ndi printa. Si munati lakale limakhala pagombe?"

Ndinasowa poyambira. Kubwerera m'mbuyo kumabweza sisitimu yokha. Mafayilo a munthu ali ku /var/home, ndipo rollback siwakhudza, dala, kuti munthu asataye ntchito yake pobwerera. Chitetezo chonse chimene ndinawatamandira chinali cha mbali ya kompyuta imene ine ndingaikenso m'maola awiri. Mbali imene iwo anandipempha kuti isasowe inali pa mtetete ngati kale. Fanizo langa la bwato linawapatsa chikhulupiriro choposa chimene sisitimuyo imalonjeza, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Pa SSD kubweza zofufutidwa n'kovuta, chifukwa malo ofufutidwawo amayeretsedwa msanga. Ndinayesa, sizinatheke. Chinatipulumutsa ndi chizolowezi chawo chotumiza ndandanda kwa wapampando pa WhatsApp mwezi uliwonse, komanso kope la msungichuma lolembedwa pamanja. Tinakhala masana awiri, iwo akuwerenga manambala m'kope, ine ndikulowetsa. Ndalama ya munthu sinasokonekere, koma maminitsi a miyezi ingapo anapita.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinatsegula akaunti yachiwiri ya adzukulu, yopanda mphamvu za admin, moti mafayilo a agogo awo sawaona n'komwe. Akaunti ya Aphunzitsi ndinaiikira pasiwedi imene anasankha okha. Ndinaika Déjà Dup kuti izisunga mafayilo awo pa flash yapadera, imene anaimangirira kansalu kobiriwira ndipo imagona m'chikwama cha mabuku a kumpingo, kutali ndi ana. Lachisanu lililonse amailowetsa.

Mmene ndikuonera

Kwa munthu ngati Aphunzitsi, amene ntchito zake ndi zodziwika ndipo sizisintha, sisitimu yosasinthika yamuyenera, ndipo sindikuwabwezera ku zakale. Koma yawayenera chifukwa pali wina amene anaikonza, anathana ndi printa, ndipo amakumbukira maapudeti. Akanapatsidwa flash yoikira n'kuuzidwa kuti adzionere okha, akanagwa pa tsiku loyamba. Ntchito ya mmisiri sinathe. Yachoka pa kufomata yapita pa kukonzekera, ndipo ine ndikuona kuti kumeneko n'kwabwino kwa kasitomala, ngakhale ndalama ya kufomata kawirikawiri ija sindikuilandiranso.

Alipo amene ndawakaniza. Bambo wina wa shopu ya zosindikiza makadi a ukwati amadalira CorelDRAW ndi maprinta atatu osiyanasiyana. Ameneyo sindinamuyese n'komwe. Mnyamata wina wophunzira za akaunti amafunika pulogalamu ya Windows yokha imene amaphunzitsira kusukulu kwawo. Ndiponso munthu wa kutali, monga ku Makanjira, amene sangafike pa boma miyezi yambiri ndipo ali ndi chipangizo chofuna driver yolowetsa, ndimaganiza kawiri. Tsopano ndisanaike ndimafunsa kaye: muli ndi printa yanji, intaneti mumaipeza bwanji, batire lili moyo, ndipo ndani winanso amagwira kompyutayi? Yankho la funso lomalizali ndi limene limandiuza kuchuluka kwa maakaunti, ndipo flash yosungira mafayilo ndimaiwerengera mu mtengo kuyambira pachiyambi.

Chatsala pa laputopu ya Aphunzitsi ndi kukwera mtundu. Fedora imatulutsa mtundu watsopano pafupifupi miyezi 6 iliyonse, ndipo uliwonse umasamalidwa pafupifupi miyezi 13, choncho kamodzi pachaka iyenera kubwera kudzasamutsidwa, ndipo kukokako n'kwakukulu. Ndayamba ndayesa driver ya printa ija pa kompyuta ya pa shopu kuti ndione ngati ilola. Tagwirizana kuti abwere nayo sabata yotsatira kugawana masheya, osati isanafike, ndipo abwere ndi printa yomwe pamodzi ndi flash ya kansalu kobiriwira. Ndawapezeranso batire logwirako ntchito kuchokera ku Blantyre, ndipo anena kuti alipira pawiri.